Kuseri kwa Dzina la Moyale

Loweruka lina ndili pabwalo la masewero la Mzuzu, Mikango ya ku Kaning'ina ikuzunza timu ina ya kumwera imene sindiitchula pano poopa kutokosa zilonda za anthu, ndinafunsa bambo amene ndinakhala naye pafupi kuti kodi dzina loti Moyale limatanthauza chiyani. Anandiyang'ana ngati ndamwa wam'mawa. "Akulu, Moyale ndi Moyale basi, n'Chitumbuka chimenecho." Wina wa kumbuyo kwathu analowerera nati ayi, limenelo ndi dzina la mzungu amene anali mkulu wa asilikali, monga Cobbe wa ku Zomba. Mtsutso unathera m'malere poti nthawi yomweyo chigoli chinalowa.

Onse awiri anaphonya, koma sindingawaseke chifukwa nanenso ndakula ndikulitchula dzinali, pa za mpira ndi pa nkhani za Operation Bwezani ya 1993, osadziwa kuti ndikutchula tauni ya fumbi imene ili pa malire a Kenya ndi Ethiopia, makilomita pafupifupi 780 kumpoto kwa Nairobi. Dzinali linabwera kuno ndi agogo athu pochokera ku nkhondo.

Nkhani yake ili motere. Pa 10 Juni 1940 Mussolini wa ku Italy analowa nkhondo ku mbali ya Hitler. Nthawi imeneyo Ethiopia anali m'manja mwa Ataliyana pamene Kenya anali wa Angerezi, kotero kuti Moyale, kamudzi ka maofesi angapo ndi kalinga kakang'ono, kanasanduka khomo la nkhondo. Pakhomo pamenepo Angerezi anaikapo kampani imodzi yokha ya batalioni yoyamba ya King's African Rifles, Keyala uja, ndipo batalioni yoyambayo inali ya anyamata a ku Nyasaland. Pa 1 Julayi Ataliyana anaukira koma anabwezedwa. Pa 10 Julayi anabweranso ndi mizinga ndi mabatalioni ngati anayi, ambiri mwa asilikali awo ali anthu akuda anzathu. Anyamata athu anapirira masiku angapo, kenaka anazemba usiku n'kulowera kumwera. Moyale anabwerera kwa Angerezi mu Febuluwale 1941. Kambi ya asilikali ya ku Mzuzu ija ndi chikumbutso cha masiku amenewo.

Chimene chinandikhala pamtima nditamva zimenezi n'chakuti: kodi mnyamata wa ku Domasi kapena wa kwa Mponda ankalondera chiyani kumeneko? Munda wa yani? Tsono nditaitanidwa ku msonkhano wina wa alembi ku Nairobi, ndinadzimana nkhomaliro sabata yonse, ndipo ka alawansi kameneko ndi kamene kanandikweza basi ya kumpoto.

Dera limeneli lero limatchedwa Marsabit, ndipo ndi limodzi mwa maboma 47 amene anzathu a ku Kenya amawatcha makaunti. Musanamizidwe ndi mawu oti boma n'kuganiza za Chiradzulu. Marsabit ndi wamkulu masikweya kilomita oposa 70,000, ndiye kuti magawo atatu mwa anayi a mtunda wonse wa Malawi. Koma kalembera wa 2019 anapezamo anthu 459,785 okha, osakwana ndi theka lomwe la anthu a mumzinda wa Lilongwe. Kumpoto kwake kuli Ethiopia, kumadzulo nyanja ya Turkana.

Mukadutsa Isiolo ndi kuoloka mtsinje wa Ewaso Ng'iro pa Archer's Post, dziko limayamba kuvula. Mitengo imafupika n'kusanduka ya minga yokhayokha. Pa Merille m'pamene mumalowa m'boma la Marsabit, ndipo kupitirira Laisamis mumayenda m'chipululu cha Kaisut: mchenga wofiirira ndi miyala yakuda bii, yotsalira pa chiphalaphala cha mapiri amene anaphulika kalekale. Maso amatopa n'kusowa pogwira. Ndiye mwadzidzidzi msewu umayamba kukwera, mphepo n'kuzizira, ndipo mumangoona muli m'nkhalango ya mitengo italiitali yolendewera ndere. Limeneli ndi phiri la Marsabit, lotalika mamita 1,707, lofupikirapo poyerekeza ndi la Zomba. M'mawa nkhungu imaphimba tauni yonse, anthu avala majekete ngati ku Dedza mu Juni. Nkhalangoyo imamwa nkhungu yomweyo, n'kumadontheza madzi m'nthaka, ndipo zitsime za m'tsinde mwa phiri zimadalira madontho amenewo. Pamwamba pake pali maenje akuluakulu otsala pamene phirilo linkaphulika, eni ake amati gof. M'dzenje limodzi muli kanyanja kamene Martin ndi Osa Johnson, banja la ku America lojambula mafilimu a nyama, anakhalapo kuyambira 1924 n'kukatcha Lake Paradise, ngati kuti kanalibe dzina.

Kutsikira kumadzulo kwa phirili kuli Chalbi, chipululu chenicheni. Kale inali nyanja, lero ndi bwalo loyera mbee ndi mchere, lathyathyathya mpaka kumene maso alekeza, ndipo kumadera ena mvula siikwana mamilimita 200 pachaka. M'mphepete mwake muli akasupe owerengeka, Maikona, Kalacha, North Horr, pamene pamamera migwalangwa. Kupitirira apo, kuseri kwa phiri la Kulal, ndiye nyanja ya Turkana, nyanja yaikulu koposa zonse za m'chipululu pa dziko lapansi. Madzi ake ndi obiriwira, amchere pang'ono, ndipo pafupifupi onse amachokera mu mtsinje wa Omo wa ku Ethiopia. Nyanjayi ndi nyanja yathu ya Malawi n'zapachibale, zonse zinabadwa pa mng'alu umodzi waukulu umene ukung'amba kum'mawa kwa Africa.

Munthu wa basi ngati ine amati kuno kulibe anthu. Alipo, kungoti moyo wawo sukhala m'mbali mwa msewu. Agabra ndi eni Chalbi, abusa a ngamira, ndipo nyumba zawo za mphasa ndi timitengo topinda akazi amaziphwasula m'mawa umodzi n'kuzisenzetsa ngamira. Arendille a ku Korr ndi Kargi nawonso ndi a ngamira, koma chilankhulo chawo n'chapafupi ndi Chisomali. Aborana ndi a ng'ombe, amakhala paphiri la Marsabit, ku Sololo ndi ku Moyale, ndipo abale awo ambiri ali kutsidya ku Ethiopia, kumene kumakhala mtsogoleri wawo wa mwambo, abba gada, amene amalamula zaka 8 zokha n'kusiyira wina popanda wokakamira nyengo yachitatu. Aburji ndi alimi amene anatsika ku mapiri a Ethiopia, ndipo lero ambiri ndi eni masitolo ndi malole. Kumpoto kwenikweni kwa nyanja, ku Ileret, kuli Adassanech. Pafupi ndi Loiyangalani pali a El Molo, kamtundu kakang'ono ka asodzi kamene chilankhulo chake chinamezedwa ndi Chisamburu. Onjezanipo Asamburu, Aturkana ndi Asomali. Chimene ndikufuna musunge pamtima ndi ichi: Aborana ndi Agabra amalankhula chilankhulo chimodzi. Tidzachifuna kutsogoloku.

Amene akufuna kumvetsa dziko limeneli ayambire pa chitsime. Ndinapita kukaona chimodzi kunja kwa tauni ya Marsabit m'mamawa. Chitsime chake n'chakuya moti munthu mmodzi sangatunge. Amuna amatsikiramo n'kuima motsatana, wina pamwamba pa mnzake m'timakwerero ta m'khoma, ndipo ndowa zimakwera dzanja ndi dzanja, yodzaza ikukwera yopanda kanthu ikutsika, mpaka kukakhuthulira m'chomwera cha dothi. Kuti ndowa zisaombane amaimba, ndipo nyimboyo imatuluka pansi pa nthaka musanaone woimba. Kale ndowazo zinali za chikopa cha kadyansonga, lero zambiri ndi zigubu zodula. Ng'ombe zimadikira patali m'magulumagulu, osathamangira, gulu lililonse nthawi yake.

Pa mwambo wa Aborana chitsime chili ndi mwini, wa fuko la amene anayamba kukumba, koma mwiniyo sangachigulitse kapena kuchitseka ngati golosale yake. Pamakhala mkulu wosankhidwa, abba herrega, amene amagawa masiku. M'chilimwe ng'ombe imamwa kamodzi pa masiku atatu, ngamira imatha masiku 10 kapena kuposerapo. Womwetsa aliyense amathandiza kutunga ndi kuchotsa matope, ndipo mlendo amene wapempha mwaulemu amapatsidwa tsiku lake. Dongosolo lonseli lili ndi dzina, nagaa Borana, mtendere wa Aborana. M'dziko limene mvula imagwa kuno n'kulumpha uko, wokana mnzake madzi chaka chino amadziwa kuti chaka chamawa wopempha adzakhala iye. Chuma cha anthu amenewa chinali ufulu woyenda, kutsata mitambo kumene yagwetsa.

Ufulu umenewo ndi umene unadulidwa ndi cholembera. Mfumu Menelik ya ku Ethiopia itagonjetsa Ataliyana pa Adwa mu 1896, asilikali ake anatsikira kumwera n'kulanda dziko la Aborana chaka chotsatira. Angerezi, amene anali kalikiliki kumanga njanji ya ku Uganda, anachita mantha kuti Menelik afika mpaka paphiri la Kenya. Mu 1902 ndi 1903 anatumiza anthu oyeza malo motsogozedwa ndi Archibald Butter ndi Philip Maud, ndipo mu 1905 analemba ganyu Mgiriki wina, Philip Zaphiro, kuti azilondera mzerewo ndi kagulu ka asilikali. Pangano linasainidwa pa 6 Disembala 1907. Mzere unadutsa m'tsinde mwa mapiri: kumtunda, kumene kuli zitsime zambiri zosaphwa, kunapita kwa Menelik, chigwa chouma kwa Angerezi. Agabra anangozindikira kuti malo awo ena opatulika, kumene amapita kukachita miyambo, ali m'dziko lina. Moyale weniweniyo anang'ambika pakati, ndipo mpaka lero alipo awiri, wa Kenya ndi wa Ethiopia. Ife Achewa sitifunika kutifotokozera zambiri pamenepa. Mfumu yathu yaikulu ili ku Katete, ndipo pa Lizulu munthu amaoloka msewu kukagula mbatata ku Mozambique.

Atalitenga dzikolo Angerezi analibe nalo ntchito. Ankangofuna mpanda woteteza minda ya azungu ya kumapiri a pakati pa Kenya, kuti Aitiyopiya ndi matenda a ziweto zisafikeko. Analitcha Northern Frontier District. Mu 1926 analitseka: wolowa kapena wotuluka ankafunika chiphaso cha bwana DC. Mu 1934 anaika lamulo lopatsa akuluakulu a boma mphamvu yodula malire a msipu ndi zitsime, mtundu uwu uku, mtundu uwo uko, wolumpha mzere amulande ziweto. Boma linkati likuletsa nkhondo za mitundu. Mwina pena linaletsadi. Koma linaphunzitsanso anthu chinthu chachilendo, chakuti chitsime chili ndi mtundu, ndipo kuti munthu amene agogo ake anali Arendille, mayi ake Mgabra, ayenera kusankha chimodzi n'kulembetsa. Masukulu ndi zipatala zinali zowerengeka pa zala. Umenewu ndiye munda umene anyamata a Keyala ankalondera mu 1940, mpanda wa munda wa eni.

Ufulu utayandikira, funso linabuka loti kumpotoku kupite kuti. Mu 1962 Angerezi anatumiza nthumwi kukafunsa anthu. Asomali ndi Asilamu ambiri anati akufuna Somalia, pamene Agabra, Aburji ndi Aborana ambiri a ku Marsabit anati atsale ndi Kenya. Mu Malichi 1963 Angerezi analengeza kuti dera lonse likhala la Kenya. Pa 28 Juni chaka chomwecho Daudi Dabasso Wabera, Mgabra amene anali DC wa Isiolo, anaphedwa panjira pamodzi ndi mfumu yaikulu ya Aborana, Haji Galma Dido. Mukamayenda mu Wabera Street pakati pa Nairobi, mwini dzina ndi ameneyo. Nkhondo imene inatsatira boma la Jomo Kenyatta linaitcha ya mashifta, kutanthauza achifwamba, kuti isamveke ngati ya ndale. Misewu inatcheredwa mabomba. Mu 1966 boma linalamula kuti abusa asonkhanitsidwe m'midzi yolonderedwa, ndipo ziweto zosawerengeka zinafa, zina ndi njala pozungulira midziyo, zina ndi zipolopolo. Amene anayanjanitsa Kenya ndi Somalia ku Arusha mu Okotobala 1967 anali mnansi wathu Kenneth Kaunda. Nkhondo inatha, koma malamulo a nthawi ya chipwirikiti anakhalabe mpaka 1991.

Pamwamba pa zimenezo, chikalata cha boma cha nambala 10 cha 1965 chinanena poyera kuti ndalama za chitukuko zizipita kumene kuli mvula ndi nthaka yabwino, kumene zingabale msanga. Marsabit anangotsala pa mapu. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri munthu wa kuno akakwera pamwamba pa lole ya ng'ombe kupita ku Isiolo ankatsanzika kuti akupita ku Kenya, ndipo wobwera kuchokera kumwera ankafunsidwa kuti ku Kenya kuli bwanji.

Pali mmodzi yekha wa ku Marsabit amene boma linamusamala ndi mtima wonse m'zaka zimenezo. Dzina lake Ahmed, njovu. Minyanga yake inali yaitali pafupifupi mamita atatu, uliwonse wolemera makilogalamu oposa 60. Anthu, makamaka ana a sukulu, atalemba makalata ambirimbiri oopa kuti alenje aipha, mu 1970 Kenyatta analamula kuti njovuyi itetezedwe ndi mphamvu ya pulezidenti, ndipo inapatsidwa alonda a mfuti usana ndi usiku. Inafa ndi ukalamba mu 1974, ndipo chifanizo chake chili ku nyumba yosungira zakale ku Nairobi. Ine ndilibe nayo mlandu njovuyo, inali yokongola ndithu. Koma paja amati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. M'boma limene mayi woyembekezera ankayenda masiku pa ngamira kufuna chipatala, nzika yokhala ndi alonda akeake inali ya miyendo inayi.

Enanso amene dziko lapansi linawafuna kuno ndi akufa. Mu 1968 Richard Leakey anamanga msasa pa Koobi Fora, kugombe la kum'mawa kwa nyanja ya Turkana, ndipo mu 1972 mmodzi wa anthu ake, Bernard Ngeneo, anatola tizidutswa ta chigaza cha munthu wakale wa zaka pafupifupi 1.9 miliyoni. Chigazacho chimadziwika ndi nambala yake, 1470, ndipo mtundu wa munthuyo unatchedwa Homo rudolfensis. Dzinalo likuchokera pa Rudolf, dzina limene Samuel Teleki ndi Ludwig von Höhnel anapatsa nyanjayi mu 1888 polemekeza mwana wa mfumu ya Austria, munthu amene sanaione n'komwe ndipo anamwalira chaka chotsatira. Nyanja inasinthidwa dzina mu 1975 koma mafupa anatsala nalo. Tsono nsagwada ija inapezeka ku Uraha m'boma la Karonga mu 1991, imene timainyadira, akatswiri anaiika mu mtundu womwewo. Nayenso munthu wathu wakale wa ku Karonga amayenda ndi dzina lochokera ku chipululu chimenechi, monga timu ya ku Mzuzu.

Kuchoka pa Marsabit kupita ku Moyale ndi makilomita ngati 250, kudutsa chigwa cha miyala cha Dida Galgalu. Pakati pa ulendowu pali Turbi, kamudzi kotsamira timapiri tiwiri. Basi itaima anthu anatsika kukamwa tiyi, koma ine miyendo inalemera, chifukwa dzinali ndinali nditaliwerenga. M'bandakucha wa pa 12 Julayi 2005 gulu la anthu a mfuti ndi zikwanje, amene ambiri amati anali Aborana, ena ochokera kutsidya kwa malire, linazinga mudzi wa Agabrawu pamodzi ndi sukulu yake ya pulaimale. Anthu oposa 50 anaphedwa, pakati pawo ana oposa 20. Tsiku lomwelo pa Bubisa, Agabra olusa anaimitsa galimoto ya wansembe wa Katolika, natsitsamo Aborana amene anakweramo, n'kuwapha pomwepo. Kumbukirani zija ndinati musunge: opha ndi ophedwa ankamvana mawu alionse.

Anthu a ku Nairobi amakonda kunena kuti amenewa ndi udani wa makolo. Ine ndikukana. Kulandana ziweto kunalipo kuyambira kale, zimenezo n'zoona, koma kupha ana ovala yunifolomu si mwambo wa munthu aliyense. Mizere ya 1934 ija inasanduka malire a madera a aphungu ndi a mafumu a boma, ndipo amene wapambana mpando ndiye amanena kumene mjigo ukumbidwe, kumene sukulu imangidwe, mwana wa yani alembedwe upolisi. Mfuti zinasefukira boma la Mengistu litagwa ku Ethiopia mu 1991, ndipo nkhondo ya zigawenga za Oromo Liberation Front inkatayikira mbali ino ya malire, mtundu uwu ukunenedwa kuti ukuzibisa, uwo kuti ukuziulula. Onjezanipo chilala. Mkulu wogawa masiku pa chitsime alibe mawu pamaso pa mnyamata wa AK-47 wotumidwa ndi munthu wa tayi.

Pa 10 Epulo 2006 atsogoleri a derali, amene ena mwa iwo sankapatsana ndi moni womwe, anavomera kukwera ndege imodzi ya asilikali kupita ku msonkhano wa mtendere ku Marsabit. Nkhungu ija ndinaiyamikira poyamba inali itaphimba phiri. Ndege inaomba chitunda pafupi ndi tauni, ndipo anthu 14 mwa 17 anafa. Aphungu onse anayi a derali anathera pomwepo: Bonaya Godana wa North Horr, Abdi Sasura wa Saku, Guracha Galgallo wa Moyale ndi Titus Ngoyoni wa Laisamis. Ife amene tinalira ndege ya ku Chikangawa mu Juni 2024 tikudziwa mmene dziko limakhalira chete tsiku lotero. Godana ndi amene amandimvetsa chisoni kwambiri. Mwana wa abusa a ngamira, anaphunzira mpaka kukhala dokotala wa malamulo ku Geneva ndi nduna ya zakunja ya Kenya, ndipo buku lake lodziwika ndi lonena za mmene maiko a mu Africa angagawanirane madzi a mitsinje ikuluikulu. Za Nile ankazitha, koma zitsime za kwawo zinamukanika.

Zinthu zasintha, tisaname. Malamulo atsopano a 2010 anapatsa makaunti ndalama zawozawo ndi bwanamkubwa wosankhidwa. Mu 2013 mpandowo unapita kwa Ukur Yatani, Mgabra, mothandizidwa ndi mgwirizano wa Arendille, Agabra ndi Aburji, ndipo chaka chisanathe ku Moyale kunali kuotcherana nyumba. Mu 2017 unapita kwa Mohamud Ali, Mborana. Chaka chomwecho phula linafika pa Moyale, ndipo ulendo wochokera ku Nairobi umene unkatenga masiku atatu kapena kuposa, pamwamba pa lole ndi apolisi operekeza, unasanduka wa tsiku limodzi. Mayi wina wogulitsa mkaka wa ngamira m'basi anandiuza m'Chiswahili kuti phula limeneli ndiye ufulu umene iye anauona ndi maso. Komabe mu Meyi 2022 boma linachita kuletsa anthu kuyenda usiku m'boma lonse chifukwa cha kuphana, ndipo chilala cha 2020 mpaka 2023, pamene nyengo zisanu za mvula zinalephera motsatana, chinapha ziweto zoposa 2 miliyoni m'dziko la Kenya, ngakhale ngamira zimene amati sizifa ndi ludzu.

Chuma chatsopano cha kuno ndi mphepo. Pakati pa phiri la Kulal ndi la Nyiru pamadutsa chimphepo chosaleka, chimene kale chinkangogwetsa nyumba za mphasa. Lero pa Sarima, pafupi ndi Loiyangalani, paima makina 365 a mapiko opukusa magetsi okwana mamegawati 310, kuposa Nkula ndi Kapichira kuphatikiza pamodzi. Magetsiwo anayamba kuyenda mu 2018 pa nthambo ya makilomita oposa 400 kupita kumwera, kudutsa pamwamba pa midzi younikira nkhuni. Malo amene anaperekedwa ndi maekala 150,000, ndipo mu 2021 khoti la ku Meru linagamula kuti ziphaso za malowo zinaperekedwa mosatsata malamulo, poti njira yotengera malo a anthu wamba siinatsatidwe. Pa mapu a ku Nairobi malowo ankaoneka opanda mwini. Msipu umene mbusa amaufuna chaka chimodzi pa zaka zisanu umaoneka choncho kwa munthu wobwera pa ndege.

Ndinafika pa Moyale madzulo. Ndi tauni ya zitunda, yodzaza njinga zamoto, malole ndi osintha ndalama. Pamalire pali maofesi atsopano amene Uhuru Kenyatta ndi Abiy Ahmed anatsegula mu Disembala 2020, koma eni mudzi amangooloka ngati akupita kwa azakhali, poti n'kumene akupitadi. Ndinayendayenda kufuna pamene anyamata a Keyala anakumba maenje awo. Amene ndinawafunsa, achinyamata okhaokha, ankangopukusa mitu.

Usiku ndinakhala pa kanyumba ka tiyi pafupi ndi malo ogona alendo otchipa. Pabenchi panali mnyamata wa zaka ngati 19, woonda, wa ku Ethiopia, atagwira kachikwama ka pulasitiki. Tinkalankhulana m'Chingerezi chothyokathyoka. Pofuna kumuseketsa ndinamuuza kuti kwathu kuli timu ya mpira yotchedwa Moyale. Sanaseke. Anafunsa kuti kwanu n'kuti, ndipo nditati Malawi nkhope yake inawala.

"Malawi ndikuidziwa, m'bale wanga," anatero, nayamba kuwerenga pa zala. "Songwe. Karonga. Dzaleka. Dedza. Tete."

Anali asanapondeko. Maina amenewo anachita kuloweza, monga ndinalowezera ine la Moyale, chifukwa ndiwo masiteji a njira imene anyamata ambiri a ku Hadiya ndi Kembata, kumwera kwa Ethiopia, amadzera popita ku South Africa, ndipo chipata choyamba cha njirayo ndi Moyale. Amayenda usiku, m'malole otseka ndi wapansi m'tchire, makolo atagulitsa munda kapena ng'ombe kuti alipire owatsogolera. Ine m'mutu mwanga munabwera dzina limene iye sanalitchule, Mtangatanga, nkhalango ya ku Mzimba kumene mu Okotobala 2022 apolisi anafukula mitembo yoposa 25 ya anyamata amene akukhulupirira kuti anali a ku Ethiopia. Kuchokera pamenepo kukafika ku kambi ya Moyale ku Mzuzu ndi ulendo wa maola ochepa pa galimoto.

Ndinamuuza. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, nati nkhaniyo anaimva kale, kwawo kunali maliro. Mkulu wake ali ndi shopu ku Johannesburg ndipo ndalama zinalipidwa kale. Anamwa tiyi wake, kenaka anandifunsa ngati ku Mzimbako kumazizira. Ndinamuuza kuti mu Juni ndi Julayi kumazizira kwabasi, ayesetse apeze juzi asananyamuke.